Msewu Umene Ndinkafuna Kuti Achimwene Auonenso

Kanema woyamba amene ndinajambula ndikuyendetsa njinga yamoto tinamuonera awiri, ine ndi achimwene anga, ndipo sitinapirire naye ngakhale mphindi ziwiri. Mapolo a magetsi a m'mphepete mwa msewu ankapindika ngati bango loima m'madzi oyenda. Lole imene inali kutsogolo kwanga inkafufuma n'kuphwa, kufufuma n'kuphwa, ngati ikupuma. Msewu weniweniwo unkachita mafunde. Achimwene anatsinzina n'kugwira pamphumi. "Tazimitsa kaye, mng'ono wanga. Ndayamba chizungulire."

Ndinazimitsa, koma zinandiwawa mumtima, chifukwa kanemayo ndinajambulira iwowo. Achimwenewa ndi amene anandiphunzitsa njinga. Ndi amene ankathamanga pambali panga akukuwa kuti kilachi ndizisiya pang'onopang'ono, maso ndiziponya kumene ndikufuna kupita osati pa tayala. Msana utayamba kuwavuta analetsedwa kukweranso, ndipo kuyambira nthawi imeneyo ndikabwera ku ulendo amandikhazika pansi kuti ndiwasimbire. Amafunsa za msewu wokhotakhota wa m'mapiri umene ankaukonda, ngati phula lidakali bwino pa kona yachitatu ija, ngati nkhungu imatsikabe m'mawa. Ine mawu amandithera msanga. Mmene njinga imapendekekera ukamalowa pakona, mmene phiri limatsegukira ukatuluka, pakamwa sipangakwanitse. Ndiye ndinaganiza zoti msewuwo ndiziwabweretsera kunyumba.

Kamera ndinali nayo, kakang'ono kolemera magalamu ongopitirira 100. Chogwirira chake cha pulasitiki chinathyoka khosi ndikuchimanga, ndisanayende nacho n'komwe. Zogulitsa zolimba zilipo, sindikuzinyoza, koma ine ndinasankha kupanga changa chifukwa ndinkafuna kudziwa chimene chikuchitika pakati pa njinga ndi kamera. Pambuyo pake ndinasangalala kumva kuti ngakhale GoPro, kampani yopanga makamera ang'onoang'ono imene Nick Woodman anayambitsa mu 2002, inayamba ndi lamba womangira kamera pamkono wa munthu wosewera pa mafunde a m'nyanja, ndipo kamera yawo yoyamba ya mu 2004 inali ya filimu wamba wa mamilimita 35. Vuto loyamba linali la kumangirira, kamerayo inabwera pambuyo.

Chogwirira changa choyamba chinali chitsulo chafulati, chotalika masentimita 20, chopindidwa pa vaisi. Kumunsi ndinachimanga pa chiwongolero ndi bawuti yopindika ngati chilembo cha U. Chiwongolero cha njinga yanga n'cha mamilimita 22, monga zilili njinga zambiri zing'onozing'ono. Zina zimakhala za mamilimita 25.4, zina zonenepa pakati za 28.6, choncho munthu ayambe wayeza asanaboole chilichonse. Kumwamba ndinaboola kabowo koti padutse bawuti yolowa pansi pa kamera.

Pa bawuti imeneyi ndikufuna ndichedwepo, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amawonongera makamera asanajambule n'kamodzi komwe. Kabowo ka pansi pa kamera kali ndi mazinga a muyezo wa mainchi, otchedwa 1/4-20. Ndiye kuti bawuti yake ndi yonenepa kota ya inchi, amene ndi mamilimita 6.35, ndipo pa inchi iliyonse pali mazinga 20. Bawuti ya M6, imene imapezeka m'bokosi lililonse la zida, ukaiona ndi maso imafanana nayo kwambiri. Ndi ya mamilimita 6, ndipo mazinga ake ndi otalikirana milimita imodzi, pamene a kamera ndi otalikirana mamilimita 1.27. Ukailowetsa imalowa bwinobwino kamodzi, kawiri, kenako imayamba kulimba. Munthu amaganiza kuti yagwira, amawonjezera mphamvu, osadziwa kuti ikudya mazinga a kamera. Ine ndinaimva ikulimba msanga, ndinaibweza, ndipo ndinakhala masiku angapo ndikufunafuna yoyenera. Ndinaipeza pa miyendo itatu yakale yoimikira kamera imene inali itathyoka. Chinanso n'chakuti kabowoko n'kosazama. Bawuti ikatulukira kupitirira mamilimita 5 pamwamba pa chitsulo imakagunda pansi pa bowo kamera isanakhale, ndipo ukaikakamiza imatha kuboola n'kukaswa zam'kati. Ndinaidula ndi sowo, n'kuisalaza ndi tupa, n'kuika nati yachiwiri kumunsi yoti ndizikokera kamera pa chitsulo.

Ndinamanga zonse kuti nga nga nga. Ndikagwedeza ndi dzanja sichinkasuntha. Ndiye n'chifukwa chiyani mapolo ankapindika?

Ndinatenga nthawi kuti ndimvetse. Makamera ambiri a masiku ano, a m'mafoni omwe, ali ndi sensa (kachipangizo kolandira kuwala) ya mtundu wa CMOS, imene sijambula chithunzi chonse nthawi imodzi. Imawerenga mzere umodzi umodzi kuchokera pamwamba kutsika pansi, mizere 1080 kapena kuposa, mofulumira kwambiri koma osati nthawi imodzi. Amati rolling shutter. Kamera ikakhala phee, palibe vuto. Koma ikamanjenjemera, mzere wapamwamba umajambulidwa kamera itapendekera kumanzere, wapakati itabwerera kumanja, wapansi itapitanso kumanzere. Ukalumikiza mizereyo, polo woongoka amatuluka ngati njoka.

Tsono taganizani za injini ya silinda imodzi ikuzungulira ka 6,000 pa mphindi. Pa sekondi imodzi ndi ka 100. Pisitoni ikukwera ndi kutsika ka 100, ndipo pa injini ya masitiroko anayi mafuta akuphulika ka 50, pa sekondi iliyonse. Kunjenjemera konseko kumayenda m'felemu mpaka ku chiwongolero. Tiyerekeze kuti sensa imatenga gawo limodzi mwa magawo 50 a sekondi kuti iwerenge chithunzi chimodzi. Pa nthawi imeneyo kamera yagwedezeka kale kawiri. Mafunde awiri m'chithunzi chilichonse. Maso athu saona kunjenjemera kotereku, manja okha ndi amene amakumva, aja amachita dzanzi ukayenda ulendo wautali.

Chitsulo changa chachitali chija chinkangokulitsa vutolo. Ndinachitalikitsa dala kuti kamera izionera pamwamba pa nyale. Koma chitsulo chomangidwa mbali imodzi chimafooka modabwitsa chikamatalika. Ukachitalikitsa kawiri, katundu yemweyo wa kunsonga amachipinda kasanu ndi katatu. Masentimita 20 aja anasandutsa chitsulo cholimba kukhala ngati ndodo yokwapulira, kamera ili kunsonga. Ndiyeno pali mphepo, imene mphamvu yake imakula kanayi liwiro likakula kawiri. Chimene chikuoneka chokhazikika pa makilomita 50 pa ola chikulimbana ndi mphepo yamphamvu kanayi ukafika pa 100.

Maganizo oyamba amene amabwera kwa aliyense ndi labala. Nanenso ndinatero. Ndinadula chubu chakale, n'kukulunga mphira zitatu pa chiwongolero, zina ziwiri pansi pa kamera, n'kumanganso mwamphamvu. Kanema wachiwiri anaipa kuposa woyamba. Sindinapite naye n'komwe kwa achimwene.

Apa ndi pamene ndinaphunzira chinthu chimene ndimachiona kuti ndi mtima wa nkhani yonseyi. Chinthu chilichonse chokhala pa labala kapena pa sipuling'i chili ndi kagwedezekedwe kake kachibadwa, liwiro limene chimakonda kuvinira. Zili ngati mwana wa pa katungwe. Ukamukankha pa nthawi yake, ngakhale ndi chala chimodzi, amapita m'mwamba. Ukamamukankha mothamanga kwambiri, kakhumi pamene iye wapita kamodzi, sapita kulikonse. Kamera ilinso chimodzimodzi. Kunjenjemera kwa injini kukafanana ndi kagwedezekedwe kachibadwa ka kamera pa labala wake, labalayo sachepetsa kanthu, amachita kuchulukitsa. Amayamba kuteteza pokhapokha kunjenjemera kobwerako kukakhala kofulumira kuposa kachibadwa kaja pafupifupi kamodzi ndi theka, ndipo kukamafulumira kwambiri chitetezo chimakulanso. Mphira zanga zofinyidwa ndi bawuti sizinali zofewa, sizinalinso zolimba ngati chitsulo. Zinali pakatikati, ndipo kakamera kopepuka kokhala pa labala wapakatikati kamavinira pa liwiro lomwelo limene injini ikuimbira.

Choncho njira zilipo ziwiri zokha, ndipo yapakati ndi imene imapweteka. Mwina umange chachifupi, cholimba gwa, pamalo pamene njinga sinjenjemera kwambiri. Apo ayi, ufewetse zenizeni, n'kuwonjezera kulemera. Kulemera kumatsitsa kagwedezekedwe kachibadwa kaja, chifukwa chinthu cholemera sichitengeka msanga. Garrett Brown, amene anapanga chida chokhazikitsa kamera chotchedwa Steadicam m'zaka za m'ma 1970, anadalira nzeru imeneyi: kulekanitsa kamera ndi thupi la wojambula kudzera pa mkono wa masipuling'i, n'kuipatsa zolemera zoti iziyenda mwaulemu. Ife a pa njinga tilibe malo a chida chachikulu choncho, koma nzeruyo imagwira ntchito ngakhale pa kachitsulo kokwana m'dzanja.

Ndisanapange china, ndinachita chimene ndikanayenera kuyamba nacho. Ndinaimika njinga pa sitandi yapakati, panja, giya ili pa nyutulo, n'kuliza injini. Mnzanga wina ankakoka moto pang'onopang'ono, ine ndikuyendetsa nsonga za zala pa njinga yonse. Kunsonga kwa chiwongolero kunkaluma zala. Pa mtengo wa galasi loonera kumbuyo ndiye kunali koipitsitsa, n'chifukwa chake magalimoto a kumbuyo amaoneka awiriawiri m'galasimo. Pakati pa chiwongolero, pafupi ndi pamene chimamangidwira ku mafoloko, kunali kofatsa. Pa zitsulo zoteteza miyendo kunkasinthasintha, pa liwiro lina zii, pa liwiro lina ngati njuchi. Ndinathira madzi m'kachivundikiro ka botolo n'kumakaika pamalo osiyanasiyana. Pamene madziwo ankachita timizere tothinana ndinkadziwa kuti pamenepo kamera singakhale. Njinga iliyonse ili ndi malo ake odekha, ndipo palibe angakuuze za yako kuposa zala zako. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chogwirira chachitatu, chimene ndikugwiritsabe ntchito mpaka lero, chili ndi zigawo ziwiri. Chapansi ndi kachitsulo kafulati konenepa mamilimita 4, komangidwa pakati pa chiwongolero ndi zomangira ziwiri m'malo mwa chimodzi, kuti kasazungulire. Kachitsuloka sikatukuka kupitirira masentimita 5. Chapamwamba ndi kachitsulo kena kamene kamera imakhalapo, ndipo pansi pake ndinamangirira mawashala akuluakulu mpaka kamera ndi zonse zinafika pafupifupi magalamu 350. Pakati pa ziwirizi pali timalabala tinayi tofewa, pakona iliyonse kamodzi.

Chinsinsi chili pa timalabalato. Bawuti isadutse kuchokera pa chitsulo chapansi kukafika pa chapamwamba. Ikadutsa, kunjenjemera kumakwera m'bawutimo ngati pa mlatho, labala n'kungokhala chokongoletsera. Pamafunika timalabala tija tokhala ndi kabawuti kumwamba ndi kena kumunsi, pakati pali labala yekhayekha, kapena timphete ta labala tolowa m'bowo kuti bawuti isakhudze chitsulo paliponse. Ndinayesa mitundu itatu ya timalabala tofewati. Yolimbirapo inabweza mafunde aja. Yofewetsetsa inathetsa mafunde, koma kamera inkagwadira pansi ndikagwira buleki. Yapakati pa iwiriyo, yoti ukadina kachitsulo kapamwamba ndi chala kamatsika mamilimita awiri kapena atatu n'kubwerera osadumphadumpha, ndi imene inagwira. Chodabwitsa n'chakuti njinga ikangoima injini ikulira payokha, kamera imagwedezeka moonekeratu. Poyamba ndinada nazo nkhawa. Koma injini yongolira payokha imazungulira mwina ka 1,500 pa mphindi, ndiko kuti ka 25 pa sekondi, kufupi ndi kagwedezekedwe kachibadwa ka kamera pa timalabala take. Ukangonyamuka, injini n'kukwera, kamera imakhala bata. Mabampu ndi maenje timalabalato sitingawathe, amenewo ndi a mashoko a njinga ndiponso a pulogalamu ya m'kamera yokhazikitsa chithunzi, imene imachita bwino pa kugwedezeka kwapang'onopang'ono koma imalephera pa kunjenjemera kothamanga.

Anthu ena amandifunsa chifukwa chake sindingomangapo foni, poti kamera yake ndi yabwino kuposa kanga. Sindingatero. M'mafoni ambiri abwino diso la kamera limayandama pa tizipangizo tating'onoting'ono tolisuntha kuti chithunzi chikhazikike. Mu September 2021 kampani ya Apple inachenjeza poyera kuti kunjenjemera kwa injini zamphamvu za njinga zamoto kungawononge tizipangizo timeneti mu iPhone, ndipo inati ngakhale pa njinga za injini zing'onozing'ono pamafunika chogwirira chochepetsa kunjenjemera. Foni ndi imene ndingaitanire thandizo nditagwa patali. Imakhala m'thumba la jekete.

Tsopano ndifike pa tsiku limene linandisintha maganizo pa nkhani yonseyi. Chogwirira chachitatu chitatha ndinachimanga madzulo, n'kuyang'ana kuti kamera yaloza bwino, n'kukagona ndili wosangalala. M'mawa ndikutuluka ndinafuna kutembenuza njinga pamalo opanikiza, ndinakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto kumanzere. Injini inakuwa yokha. Dzanja langa silinakoke moto, koma njinga inalumphira kutsogolo. Mwayi wake zala zinali kale pa kilachi, ndinafinya, n'kugwira buleki, n'kuzimitsa. Nditatsika miyendo inkanjenjemera. Mchira wa bawuti imodzi ya chomangira unali utakola kebulo ya akiseleleta. Chiwongolero chikakhala choongoka kebuloyo inkangodutsa pambali, koma chikakhotera kumanzere bawutiyo inkaikoka.

Ndinakhala pansi nthawi yaitali m'mawa umenewo. Masabata onse aja ndinkangoganizira za chithunzi, za mapolo oongoka, osaganizirako kuti ndikuika chitsulo chachilendo pakati pa makebulo amene moyo wanga umadalira. Zikanachitika pa mphambano, galimoto ikubwera, bwenzi achimwene atalandira uthenga wina osati kanema. Kuyambira tsiku limenelo, ndikamanga chilichonse pa njinga ndimailiza injini, giya ili pa nyutulo, n'kukhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, kangapo, ndikumvetsera ngati kulira kwa injini kukusintha. Ndimayang'ana kebulo ya kilachi, paipi ya buleki, mawaya a magetsi, ndi ngati pali chogunda thanki. Ndimakhalanso pa mpando n'kuona ngati kamera ikubisa wotchi ya liwiro kapena timagetsi tochenjeza. Michira yonse ya mabawuti ndinaidula n'kuisalaza. Makona a zitsulo ndinawazunguliza ndi tupa, chifukwa munthu akagunda chinthu thupi limapita kutsogolo, chifuwa ndi mimba zimadutsa pamwamba pa chiwongolero pomwepo. Chosongoka chilichonse choloza kwa ine ndinachichotsa. Ndimakhulupirira ndithu kuti chogwirira chabwino chiyenera kugonja pa ngozi, chipindike kapena kamera ichoke, m'malo moti chikhale nganganga n'kundiboola.

Kunjenjemera kumamasulanso manati. Nati wamba pa njinga ya silinda imodzi imatha kubwerera yokha pa ulendo umodzi. Ndimagwiritsa ntchito manati okhala ndi kamphete ka nayiloni m'kati, ndipo pamene sangalowe ndimadonthezera guluu wa mabawuti wotchedwa Loctite wabuluu, amene amagwira koma n'kumasuka ndi sipanala. Ameneyu asakhudze pulasitiki, chifukwa mitundu ina ya pulasitiki amaing'alula, choncho pa bawuti yolowa m'kamera sindiika. Nati iliyonse ndinaijambula kamzere ka penti woyera kochokera pa natiyo kufika pa chitsulo. Ndikaima kuti ndipume ndimangoponya diso. Kamzere kakasemphana, ndiye kuti yayamba kuyenda. Ndimayang'ananso m'mbali mwa mabowo ndi popindika ngati mwayamba ming'alu, makamaka chikhala cha aluminiyamu, amene amatopa ndi kugwedezeka n'kuthyoka mosachenjeza.

Labala amatha, amang'ambika ndi dzuwa ndi mafuta. Timalabala tinayi tija tikadzaduka, kachitsulo kapamwamba kadzauluka ndi kamera ndi mawashala ake omwe. Choncho pali kachingwe kolimba kochokera pa kachitsuloko kukamangidwa pa chiwongolero, ndi kena ka kamera payokha. Kutalika kwake n'kofunika kwambiri. Kakhale kolendewera pang'ono kuti kasanyamule kunjenjemera, koma kafupi moti kamera itagwa isafike pa tayala, pa masipoko, kapena kukalowa pakati pa mafoloko ndi felemu n'kutseka chiwongolero. Sindimangira kachingweka chifukwa chodera nkhawa kamera yokha. Chitsulo cha magalamu 350 chogwa pa liwiro chikhoza kukamenya munthu amene akubwera kumbuyo kwanga, amene sanalakwe chilichonse.

Za helemeti ndinene mwachidule. Mutu ndi malo abwino kujambulira, chifukwa thupi ndi khosi zimameza kunjenjemera kuposa labala aliyense. Koma helemeti sindiboola, ndipo ndimadandaula ndikaona wina ataboola. Chigoba chakunja ndi thovu lolimba lam'kati zinapangidwa kuti zigawane mphamvu ya kugunda, ndipo bowo lokhala ndi bawuti limasonkhanitsa mphamvuyo pamalo amodzi, pa fupa la mutu. Amene akufuna kutero agwiritse ntchito tepi yomata mbali zonse ziwiri, monga VHB ya 3M, apukute pamalopo bwino, ndipo adikire, chifukwa tepiyo imafika pa mphamvu yake yonse pakatha maola 72. Afufuzenso malamulo a kumene akuyenda, poti mayiko amasiyana pa nkhani yomata zinthu pa helemeti. Ine ndinayesa lamba wa pachifuwa, chithunzi chinali chodekha, koma achimwene anati akuona manja anga ndi thanki kuposa msewu.

Zotsalazo n'zing'onozing'ono. Ndimajambula zithunzi 60 pa sekondi, chifukwa pa kamera yanga mafunde otsalira amachepa kuposa pa 30. Phokoso la mphepo ndinalichepetsa pomata kasiponji pa kabowo ka maikolofoni, ndipo injini inayamba kumveka. Batani ndimadina njinga itaima, ndimadzadinanso itaima. Pakati pa ulendo kamera kulibe, ndimaiiwala dala. Chiyeso chimene ndinachiona mwa ine n'chofuna kuyendetsa mokometsera kanema, kulowa pakona mothamangirapo kuti zidzaoneke bwino. Ndikangomva maganizo amenewo akubwera ndimabweza moto. Amene ndikumujambulira ndi munthu amene anandiphunzitsa kufika kunyumba wamoyo, ndipo angazindikire msanga kuyendetsa kodzionetsera.

Loweruka lina m'mawa ndinapita ku msewu wa m'mapiri uja. Nkhungu inali isanachoke. Ndinayenda mmene ndimayendera masiku onse, n'kubwerera, n'kupita molunjika kwa achimwene fumbi lidakali pa nsapato. Tinalumikiza kamera ku TV. Ndinakhala pambali, maso anga ali pa iwo osati pa kanema.

Mapolo anaima chilili. Mzere woyera wa pakati pa msewu unkabwera woongoka n'kulowa pansi pa chithunzi. Achimwene sanalankhule. Titayandikira kona yoyamba ndinaona phewa lawo lamanzere likutsika pang'ono, mutu n'kupendekeka. Pa kona yachiwiri zala za dzanja lamanja zinatambasuka pa bondo n'kufinya buleki imene panalibe. Anaonera mphindi zonse 26 osatsamira mpando.

Atatha anapuma mozama. "Pa kona yachitatu unachedwa kubweza giya," anatero. "Unalowa ndi yachinayi. Tabweza pamenepo ndikuonetse."

Ndinabweza. Ankanena zoona.

"Ndiyeno tamvera apo ukusiya moto. Ukukumva kukhwekhwereza uko? Tcheni chako chalendewera. Unachikunga liti?"

Ndinati papita nthawi.

"Kachikunge usanapite. Ndipo ulendo winawo kamerayo udzaitsitse, uimange pa chitsulo choteteza mwendo, mbali ya kumanzere. Ndikufuna ndizidzaona tayala lakutsogolo likugwira phula."

Ndinawafotokozera kuti pa chitsulo chimenecho pamanjenjemera kwambiri pa liwiro lina, kuti pafunika timalabala tina ndi kulemera kwina, ndiponso kuti ndiyenera kuyeza kuti kamera isadzakhudze pansi njinga ikapendekeka. Anandiyang'ana n'kunena kuti masipanala awo akadali m'bokosi pansi pa bedi, ndipo manja awo si amene akudwala. Ndinakatenga bokosilo. Anatulutsira mpando panja, pafupi ndi njinga, n'kundiuza kuti ndilize injini. Ine ndinkakoka moto pang'onopang'ono, iwo akuyendetsa nsonga za zala pa chitsulocho kuchokera kumwamba kutsika, mpaka anaima pafupi ndi bawuti yakumunsi n'kunena kuti ndibweretse choko.